Bizinesi ya hosting: kupikula malo pa intaneti n'kumagulitsa pang'onopang'ono

Aliyense amene anagulitsapo ufa wa m'timapepala amadziwa mmene phindu limabwerera: kupikula thumba lonse pa mtengo wotsika, kenako kuligawa n'kuika kaphindu pa kapepala kalikonse. Bizinesi yosungira anthu mawebusayiti, yomwe imadziwika kuti hosting, imayendanso choncho. Kungoti katundu wake ndi malo a m'kompyuta.

Webusayiti iliyonse imakhala m'kompyuta yamphamvu yotchedwa seva, yomwe imayenera kuyaka usana ndi usiku. Sukulu, loji, mpingo kapena shopu ikafuna webusayiti ndi imelo ya dzina lake, imachita lendi kachigawo ka seva. Wotolera lendiyo ndiye mwini bizinesi ya hosting.

Poyambira pake

Kugula seva n'kuiika pakhomo si nzeru kwa woyamba kumene. Magetsi akazima, mawebusayiti a makasitomala onse amazimira limodzi, ndipo jenereta ndi intaneti yothamanga zingamalize mpamba wonse. Makampani akuluakulu amalonjeza kuti maseva awo azigwira ntchito 99.9 peresenti ya nthawi, kutanthauza kuti pa chaka chonse asazime kupitirira maola 9. Pakhomo zimenezi n'zovuta kuzikwanitsa.

Njira yosaboola m'thumba ndi yomwe amati reseller hosting. Wamalonda amapikula malo aakulu ku kampani monga Namecheap, n'kumawagawa m'dzina la bizinesi yake. Pulogalamu ya WHM ndiyo yogawira malowo, kasitomala aliyense amayendetsa gawo lake kudzera pa cPanel, pomwe WHMCS imatumiza mainivoyisi ndi kukumbutsa amene sanalipire.

Zofunika zina ndi laputopu, intaneti yodalirika komanso khadi ya kubanki yotha kulipira kunja. Bizinesiyo iyeneranso kulembetsedwa kuboma ndi kukhala ndi TPIN ya ku MRA, chifukwa sukulu ndi mabungwe amafuna risiti yovomerezeka.

Nkhani ya dola

Apa ndi pamene pagona vuto. Katunduyu amapikulidwa m'madola koma amagulitsidwa m'makwacha. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo dola yomwe inkagulidwa pafupifupi K1,180 inafika pa K1,700. Mwachitsanzo, malo a madola 20 pamwezi omwe ankadya K23,600 anayamba kudya K34,000. Amene anatolera kale ndalama za chaka chonse pa mtengo wakale anayenera kuwonjezera zam'thumba mwake mwezi ndi mwezi.

Choncho wamalonda akatolera ndalama za chaka, ndi bwino naye alipiriretu chaka chonse kumene amapikula, zisanagwe mphamvu. Pa mgwirizano ndi kasitomala pazilembedwa kuti mtengo ungasinthe dola ikakwera. Komanso poti ndalama zakunja zimasowa m'mabanki, osadikira tsiku lomaliza, chifukwa khadi ikakana kulipira kampani yakunja imatseka akaunti ndipo makasitomala onse amavutikira pamodzi.

Dzina la webusayiti

Kupatula malo, kasitomala amafunanso dzina la webusayiti, lomwe amati domain. Mayina othera ndi .mw amayendetsedwa ndi bungwe la Malawi SDNP, pomwe a .com amagulidwa kumakampani ovomerezedwa ndi ICANN. Dzinali limalipiridwa nthawi ndi nthawi, kawirikawiri chaka ndi chaka, ndipo likapanda kulipiridwa wina angathe kulitenga. Lizilembetsedwa m'dzina la kasitomala, osati la wogulitsa, kuti pasadzakhale mkangano tsiku losiyana.

Makasitomala agulirenji kwa iye?

Pa mtengo pokha, wamalonda wamng'ono sangapikisane ndi makampani akunja. Mphamvu yake ili poti amalandira makwacha pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, amayankha foni m'Chichewa, ndipo angathe kufika pa ofesi ya kasitomala imelo ikavuta. Phindu limakulanso akamapanga yekha mawebusayiti ndi WordPress n'kugulitsa zonse pamodzi: dzina, malo, imelo ndi kukonza zikawonongeka. Chiphaso cha chitetezo cha SSL chimapezeka kwaulere ku Let's Encrypt, choncho palibe chifukwa chosiyira webusayiti ya kasitomala pambalambanda.

Katundu wa eni

Zomwe zili m'seva ndi za eni ake: maimelo, mayina a ana asukulu, maoda a katundu. Zonsezi zizikoperedwa pafupipafupi n'kusungidwa malo ena, kuti seva ikawonongeka kapena akuba a pa intaneti akalowerera, zibwezeretsedwe. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 komanso la Data Protection Act la 2024 likukhudza aliyense wosunga zinthu za ena pa intaneti, ndipo ndi bwino kufunsa ku MACRA bizinesi isanayambe.

Ndalama za hosting zimabwera pang'onopang'ono koma mobwerezabwereza. Makasitomala 10 okhutira omwe amalipira chaka chilichonse amaposa 50 omwe athawa webusayiti itazima sabata yathunthu. Woyamba kumene ayambe ndi ochepa amene angathe kuwasamala, ndipo asunge kabuku kolembamo tsiku lomwe dzina ndi malo a kasitomala aliyense zikuthera.