Malo kapena liwiro: mutu umene unkawawa olemba masewera a Atari

Atari 2600, makina a masewera amene anatuluka ku America mu 1977, anali ndi RAM ya mabayiti 128 basi, ndipo katiriji wamba inkanyamula makilobayiti 4. Wolemba pulogalamu mu assembly ankangokhalira kusankha: asunge malo kapena asunge nthawi?

Nthawiyo inali yochita kuwerenga. Purosesa ya makinawo, 6507, inkapeza ma cycle 76 okha pa mzere uliwonse umene TV ikujambula. Ukachedwa pang'ono, chithunzi chasokonekera.

Tsono taonani. Kuti ntchito ibwerezedwe, malangizo awiri, DEX ndi BNE, amadya mabayiti atatu okha, komatu amalanda ma cycle asanu pa ulendo uliwonse. Ukawachotsa n'kulemba ntchitoyo kambirimbiri motsatizana, liwiro walipeza, koma katiriji yadzaza. Ambiri ankathamangitsa gawo lojambula chithunzi lokha, kwina konseko n'kumapanikiza.

Amene amandigometsa ine ndi David Crane. M'masewera ake a Pitfall! a 1982 muli malo 255 a m'nkhalango, koma sanawasunge onse ayi. Kawerengedwe kochenjera ka bayiti imodzi ndiko kankauza makinawo pomwe paikidwe ng'ona, dzenje kapena chipika. Zonsezo zinakwana m'makilobayiti 4 omwe aja.