Njanji ya Pansi pa Nthaka: Amaikumba Bwanji, Nanga Amalipira Ndani?

Anthu a ku Lirangwe sachita kuuzidwa za njanji. Kuyambira m'chaka cha 1935, pamene njanji yochokera ku Blantyre inafika ku Salima, sitima yakhala ikudutsa m'dera lawolo, ndipo mwana wa kumeneko amaizindikira ndi kulira kwake isanatulukire. Anzawo a ku Chileka nawo anazoloŵera ndege, kotero kuti mlimi sadzutsanso mutu m'munda ikamatera. Koma pali ulendo wamtundu wina umene ambiri a m'madera aŵiriŵa amangoumvera kwa abale awo ochokera ku Joni, ndiwo wa sitima yoyenda pansi pa nthaka, kunsi kwa nyumba, misewu ndi masitolo. Ena akamva amapukusa mutu nkumati zimenezo ndi nkhambakamwa za matchona. Sitimayo ilipodi. Munthu wokwera ndege pa Chileka akatera pa bwalo la O. R. Tambo amaipeza pomwepo, ndipo wokwera basi pa Wenela, wodzera ku Mwanza, Tete ndi Beitbridge, akatsikira pa Park Station amakhala ataima pafupi ndi khomo lake loloŵera pansi. Dzina lake ndi Gautrain.

Chimene chimachititsa mzinda kuloŵetsa njanji pansi ndi kuthinana. Mzinda ukakula kwambiri, malo a pamwamba amakhala atatha, ndipo kuti njanji idutse pakati pake pangafunike kugwetsa nyumba zambirimbiri ndi kulipira eni ake. Njanji ya pamwamba imadulanso misewu, galimoto nkumaima kudikira sitima. Pansi palibe mwini nyumba wofuna chipukutamisozi, palibenso mphambano yodikirirapo. Chovuta chake ndi chimodzi, koma chachikulu: kilomita imodzi ya pansi imadya ndalama zimene zikanamanga makilomita angapo a pamwamba.

Oyamba kuyesa nzeru imeneyi anali a mu mzinda wa London. Kumeneko loya wina wa mzindawo, Charles Pearson, analimbikira zaka zambiri kuti pakhale njanji yotere, koma anamwalira mu 1862, kutatsala miyezi yochepa kuti aione ikuyenda. Njanjiyo inatsegulidwa pa 10 January 1863, kuchokera pa Paddington kukafika pa Farringdon, mtunda wa makilomita 6, ndipo m'chaka choyamba chokha inanyamula anthu oposa 9 miliyoni. Kakumbidwe kake kanali kosavuta kumva. Antchito ankatseka msewu, nkukumba chingalande chachikulu potsata msewuwo, nkumanga makoma ndi denga la njerwa, kenaka nkukwirira ndi kubwezeretsa msewu pamwamba. Sitima zake zinali za malasha, choncho apaulendo ankatuluka pansipo akutsokomola ndi utsi. Ndalama zinachokera kwa anthu ogula masheya mu kampaniyo, ndipo khonsolo ya mzinda ndi kampani ina yaikulu ya njanji zinaikaponso gawo lawo.

Njira yokumba ndi kukwirirayi ikugwirabe ntchito, makamaka pomanga masiteshoni, koma imasokoneza mzinda kwa zaka. Anathandiza kupeza njira ina ndi mmisiri wobadwira ku Grahamstown m'dziko la South Africa, James Henry Greathead. Iye anakonza chishango chachitsulo chobulungira chimene chinkakankhidwa m'nthaka pang'onopang'ono, antchito akukumba ali m'kati mwake, anzawo akumanga khoma lachitsulo m'mbuyo kuti dothi lisagumuke. Ndi chida chimenechi London inatsegula mu 1890 njanji yakuya yoyendera magetsi, anthu a pamwamba osasunthidwa. Mu Africa muno mzinda woyamba kukhala ndi njanji yotere unali Cairo, m'chaka cha 1987, mothandizidwa ndi dziko la France. Mzinda wa Algiers unayamba kukumba m'zaka za m'ma 1980, ndalama nkuthera panjira, ndipo sitima yoyamba inayenda mu 2011.

Tsono za ku Joni. Nthaka ya Johannesburg si yachilendo kwa Amalaŵi, pakuti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 amuna oposa 100,000 a dziko lino ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa, ambiri mwa iwo atalembedwa ndi Wenela. Agogo ena a ku Chileka ndi Lirangwe amene anatsikapo mu mgodi angafotokoze bwino kuposa buku lililonse za kutentha kwa pansi, kulemera kwa thanthwe ndi madzi otuluka posayembekezeka. Omanga Gautrain anakumana ndi zomwezo.

Ganizo la njanjiyi linalengezedwa m'chaka cha 2000 ndi mtsogoleri wa chigawo cha Gauteng pa nthaŵiyo, Mbhazima Shilowa, pofuna kuchepetsa kuthinana kwa galimoto pa msewu waukulu wa pakati pa Johannesburg ndi Pretoria. Ntchito inayamba mu September 2006. Njanji yonse ndi yotalika makilomita 80 ndipo ili ndi masiteshoni 10, koma gawo loyenda pansi ndi la makilomita 15, kuchokera pa Park Station, kudzera pa Rosebank ndi pa Sandton, mpaka kukatulukira kufupi ndi Marlboro. Siteshoni ya Sandton ili pa kuya kwa mamita oposa 40, ndipo apaulendo amatsikirako pa masitepe oyenda okha. Sitimayo imayendera magetsi ndipo imatha kuthamanga makilomita 160 pa ola. Njanji zake nzotalikirana mamilimita 1,435, pamene za kuno kwathu, monga zodutsa pa Lirangwe, nzotalikirana mamilimita 1,067; choncho sitima ya kuno singayende m'menemo.

Gawo lalikulu la phangalo analikumba monga mmene amakumbira mgodi. Amisiri ankaboola mabowo m'thanthwe, nkuikamo onga, nkuphulitsa, nkuchotsa miyala, kenaka nkupopera konkire m'makoma ndi kukhomera zitsulo zazitali kuti thanthwe ligwirane. Koma pakati pa Rosebank ndi Park Station panali mtunda wa makilomita atatu wa nthaka yofeŵa ndi yamadzi, pamene onga ukanangogumula zonse. Pamenepo anabweretsa chimakina chopangidwa ku Germany, chotalika mamita 145, cholemera matani 885. Chimakinacho chimayenda ngati mfuko: kumaso kwake kuli chimbale chamano chimene chimazungulira ndi kupera nthaka, dothi limatuluka cha kumbuyo, ndipo chikasuntha pang'ono chimasanja zidutswa za konkire kuzungulira phangalo, nkutsamira pa zomwezo kuti chidzikankhire patsogolo. Anachitcha Imbokodo, liwu la Chizulu lotanthauza mwala woperera, umene kuno amati mphero. Ngakhale zinali choncho, mu 2008 gawo la msewu wa Oxford linatitimira pamwamba pa malo amene chinkakumba, msewuwo nkutsekedwa.

Chigawo choyamba, cha pakati pa Sandton ndi bwalo la ndege, chinatsegulidwa pa 8 June 2010, kutatsala masiku atatu kuti mpikisano wa mpira wa dziko lonse uyambe m'dzikomo. Cha ku Pretoria chinatsegulidwa mu August 2011. Chotsiriza, cha pakati pa Rosebank ndi Park Station, chinachedwa mpaka June 2012, chifukwa madzi ankaloŵa m'phangamo ochuluka kuposa mmene pangano linalolera, ndipo boma la chigawo ndi omanga anakokana zaka zingapo pa funso lakuti wolipira kukonzako ndani.

Apa ndi pamene nkhani yagona, pakuti kukumba nkovuta koma kulipira nkovuta koposa. Mu 2002 anthu anauzidwa kuti ntchitoyi idzadya pafupifupi R7 biliyoni. Pomatha inali itadya ndalama zoposa R25 biliyoni. Zoterezi sizichitika ku South Africa kokha. Njanji za pansi zimakonda kupitirira mtengo wolonjezedwa, chifukwa palibe amene amadziŵa zonse za m'nthaka asanaikumbe, mitengo ya simenti ndi zitsulo imakwera ntchito ili m'kati, ndiponso, kunena mosabisa, ofuna kuti ntchito ivomerezedwe sakonda kutchula mtengo woopsa pachiyambi.

Boma la Gauteng silinamange lokha. Linachita pangano ndi gulu la makampani lotchedwa Bombela, mmene munali Bombardier yopanga sitima, Bouygues ya ku France, Murray & Roberts ya ku South Africa komweko ndi ena. Panganolo linali la zaka 19 ndi theka: zinayi ndi theka zomangira, 15 zoyendetsera sitima ndi kutolera ndalama za matikiti. Pomva dzina lakuti mgwirizano wa boma ndi makampani, munthu angaganize kuti katundu anagaŵana pakati. Sizinali choncho. Pa marandi khumi alionse omangira, oposa asanu ndi atatu anachokera ku boma, ndiye kuti kwa okhoma msonkho, ndipo makampani anasonkha otsalawo, ambiri mwa iwo ochita kukongola ku mabanki.

Munalinso mfundo ina m'panganomo imene omvera ayenera kuimvetsa bwino. Makampani sakanalola kuika ndalama zawo popanda chitsimikizo chakuti adzazipeza. Choncho boma linalonjeza kuti ngati ndalama za matikiti zidzapereŵera pa mlingo wogwirizana, lidzathirapo zotsalazo. Zili ngati mwini minibasi kuuza woyendetsa kuti mipando ikapanda kudzaza, yopanda anthuyo adzailipira ndi iye. Oŵerengera anayembekeza apaulendo oposa 100,000 pa tsiku, koma ngakhale m'zaka zabwino obwera anali pafupifupi theka la chiŵerengerocho. Motero boma linkapereka ndalama zoposa R1 biliyoni chaka ndi chaka, ndipo mliri wa Covid-19 wa mu 2020 utathamangitsa anthu m'sitima, ndalamazo zinapitirira R2 biliyoni pa chaka.

Otsutsa analipo kuyambira pachiyambi. Mu 2005 komiti ya nyumba ya malamulo yoona za maulendo, motsogozedwa ndi Jeremy Cronin, inafunsa chifukwa chimene ndalama zochuluka chotere zinkapitira ku sitima ya anthu opeza bwino, pamene sitima wamba za Metrorail, zonyamula antchito ochokera ku Soweto ndi kwina, zinali kutha. Funsolo linali loyenera. Pa tsiku lotsegulira, tikiti yochokera ku bwalo la ndege kukafika pa Sandton inali R100, ndipo Mmalaŵi wogwira ntchito ya m'munda wa maluŵa kapena ya m'nyumba ku Joni amadziŵa yekha ngati mtengo wotero uli wa iye. Oikira kumbuyo njanjiyi amaloza nyumba zazitali ndi maofesi amene anamera kuzungulira masiteshoni a Rosebank ndi Sandton. Phindu limenelo nloona, koma lambiri linagwera eni malo. Ku Hong Kong, kumene njanji ya pansi inatsegulidwa mu 1979, anachita mochenjera: kampani ya njanji imapatsidwa ufulu womanga nyumba ndi masitolo pamwamba pa masiteshoni, ndipo phindu la malowo limathandiza kulipira njanji.

Lonjezo lolipira zopereŵera si lachilendo m'mbiri ya dziko lino. Njanji ya Trans-Zambezia, yotsegulidwa mu 1922 kuchokera kufupi ndi Beira kukafika pa mtsinje wa Zambezi, inali yonse m'dziko la Mozambique, komabe boma la Nyasaland ndilo linalonjeza kulipira chiwongoladzanja cha ngongole yake ngati njanjiyo ilephera. Katundu anachepa, njanjiyo inalepheradi. Pamwamba pa zimenezo panadza ngongole ya mlatho wa Dona Ana, wotalika makilomita 3.67, wotsegulidwa mu 1935, pamodzi ndi ya njanji yomweyi yodutsa pa Lirangwe. Wolemba mbiri Leroy Vail anafotokoza mu 1975 kuti ngongole za njanjizi zinamanga manja dziko la Nyasaland kwa zaka zambiri, pakuti ndalama zimene zikanapita ku masukulu, zipatala ndi ulimi zinkatsekera dzenje la njanji, ndipo mlimi wa fodya ndi thonje ankalipiranso kudzera m'mitengo yokwera yonyamulira katundu. Munthu wokhoma msonkho wa nyumba ku Lirangwe m'masiku amenewo ankathandiza kulipira mlatho umene mwina sanauonepo.

Njanji za pambuyo pake zinadza ndi ndalama za mitundu ina. Ya ku Nayuchi, yochokera pa Nkaya, inatsegulidwa mu 1970 ndi ngongole ya ku South Africa. Ya ku Lilongwe ndi Mchinji inamangidwa ndi thandizo la dziko la Canada chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Yodutsa ku Chikwawa, Mwanza ndi Neno kukalumikizana pa Nkaya inamangidwa ndi kampani ya Vale ya ku Brazil chitapita chaka cha 2011, pofuna kutulutsa malasha a ku Moatize kupita ku doko la Nacala. Yotsirizayi ikusonyeza kusiyana kwake: njanji ya katundu ili ndi woilipira, ndiye katunduyo. Njanji ya pansi pa mzinda sinyamula malasha kapena feteleza. Imanyamula anthu okha, ndipo tikiti imene anthu wamba angakwanitse siingabweze ndalama zokumbira. Ikakwanitsa kulipira magetsi ndi malipiro a antchito, yachita bwino.

Nanga Blantyre? Pa kalembera wa 2018 mzindawu unali ndi anthu pafupifupi 800,000, pamene chigawo cha Gauteng chili ndi oposa 15 miliyoni. Anthu a mu Blantyre amakhala momwazikana m'mapiri ndi m'zigwa, magetsi oyendetsera sitima yotere amafunika osazima ngakhale mphindi imodzi, ndipo mapampu ochotsa madzi ndi makina oloŵetsa mpweya pansi sapuma usana ndi usiku. Kuthinana kwa galimoto pa msewu wa Chipembere m'maŵa ndi madzulo nkotopetsa ndithu, koma sikunafike poti mzinda ukumbe pansi. Chimene mzindawu uli nacho kale ndi njira ya njanji yochokera ku Limbe, yodzera pakati pa Blantyre, Chirimba ndi Lunzu mpaka ku Lirangwe. Malo ake analipidwa kalekale, ndipo imadutsa m'madera mmene muli anthu ambiri oloŵa m'tauni tsiku ndi tsiku. Kuti pa njirayo payende sitima ya antchito m'maŵa ndi madzulo pangafunike mabogi, malo opatukirana sitima ndi za katundu, mipanda ndi zipata pa mphambano za misewu, ndiponso pangano lonena poyera amene adzalipire mipando ikapanda kudzaza.