Kodi Lusaka ndi Mkaika ndi malikulu akalekale?

Msewu wa Great East ukadutsa ku Rufunsa umaloza malikulu awiri. Kumadzulo kuli Lusaka, kum'mawa, kutsidya la Luangwa, kuli Mkaika m'boma la Katete, kwa Kalonga Gawa Undi. Apaulendo ambiri amayesa kuti malo awiriwa akhala malikulu chiyambire makolo, koma mbiri ikukana.

Ena amati Lusaka unali mzinda wa mfumu yaikulu umene azungu anangoupeza. Lusaaka anali nyakwawa chabe m'dera la Asoli ndi Alenje, Asoli omwewa a mafumu Mpanshya, Shikabeta ndi Bunda Bunda a ku Rufunsa. Dzina lake linapita pa kasiteshoni ka njanji mu 1905. Nthawiyo atsamunda anali atagawa pawiri dziko limene lero ndi Zambia. Chakum'mawa ankalamulira ali ku Fort Jameson, lero Chipata, kumene anakhazikika atagonjetsa Angoni a Mpezeni mu 1898. Chakumadzulo likulu linali Kalomo mpaka 1907, kenako Livingstone. Zigawozo zitalumikizidwa mu 1911 kukhala Northern Rhodesia, Livingstone ndiye anatsala likulu, koma anali kumalire, kotentha, kutali ndi migodi ya kopa. Katswiri wa mapulani a mizinda Stanley Adshead anajambula mzinda watsopano mu 1931, boma n'kusamukira ku Lusaka mu 1935. Misewu yotakata ya mitengo m'mbali inali ya azungu; antchito akuda anawaunjika m'tinyumba tozungulira tofolera ndi udzu ku Kabwata, ndipo tingapo tikadalipo.

Za Mkaika, zoona zake zimadabwitsa ngakhale Achewa eni ake. Undi woyamba atapatukana ndi Kalonga, mfumu yaikulu ya Amaravi, makolo a Achewa, anakamanga ku Maano, pafupi ndi mtsinje wa Kapoche, m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Ali kumeneko ulamuliro wake unafika kwa Ansenga cha ku Luangwa. M'zaka za m'ma 1800 Achikunda, ogula akapolo ndi Angoni anaufooketsa ufumuwo, ndipo pangano la Britain ndi Portugal la 1891 linasiya Maano m'manja mwa Apwitikizi. Undi wa nthawiyo anawolokera ku Northern Rhodesia m'ma 1930, zaka zomwezo boma linkalongedza katundu ku Livingstone. Choncho Mkaika nawonso si likulu lakalekale.

Chikhulupiriro chozama kwambiri, chimene sukulu zautsamunda zinatisiyira, n'chakuti likulu lenileni linabwera ndi mzungu. Amafunsa kuti, ngati Amaravi anali ndi mzinda, zipupa zake zili kuti, monga za miyala za ku Great Zimbabwe? Funsoli n'lopanda chilungamo. Mankhamba, likulu la Kalonga pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, linamangidwa ndi mitengo, dothi ndi udzu, ndipo chiswe ndi mvula sizisunga zoterezi. Umboni unatsalira pansi. Katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi atakumba pamalopo anapeza mikanda yagalasi yochokera kutsidya la nyanja, zidutswa za mbale za ku China, zinthu zamkuwa ndi minyanga ya njovu yosemedwa. Mudzi wamba sukhala ndi katundu wotere.

Mphamvu za likulu lotere zinkaoneka pa mitulo. Mlenje akapha njovu, mnyanga wogunda pansi unali wa mwini dziko, chimodzimodzi zikopa za mikango ndi akambuku. Mitulo inkakwera kuchokera kwa nyakwawa kupita kwa mfumu ya dera mpaka kwa Kalonga, iyenso n'kugawa nsalu ndi mikanda kwa omumvera. Ndi minyanga imeneyi Amaravi ankachita malonda ndi Tete komanso madoko a kunyanja ya mchere. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600, Apwitikizi atapanikizika pa nkhondo za ku ufumu wa Mwenemutapa, anakapempha ankhondo kwa Muzura, mfumu ya Amaravi, ndipo anawatumizira zikwi zingapo.