Chitsulo Chakale ndi "Chitini" Chamakono pa Mapiri a Mvera

Ndi mabanja ochepa a ku Salima, Senga Bay ndi Nkhotakota omwe sanadutsepo pa mapiri a Mvera. Matenda akakula, njira yopita ku chipatala cha Kamuzu Central ndi yomweyo. Tikatenga usipa ndi mpunga kukagulitsa ku Lilongwe, tikamaperekeza mwana ku sukulu, ngakhale pothamangira maliro a m'bale, timakwera mapiri omwewo. Pobwerera, msewu wa M14 umachoka ku Kanengo, kudutsa pa Chezi ndi pa Mvera, n'kumatsetsereka mokhotakhota mpaka kuchigwa cha Salima. Pa ulendo umenewu munthu amatsika mamita oposa 500, ndipo amene wakhala kufupi ndi zenera amaona yekha maphompho ali m'mbali.

Tsiku lina madzulo tinapeza amalume athu, omwe anagwira ntchito ya udalaivala zaka zambiri pa msewu umenewu, akukalipira mwana wawo chifukwa chogulitsa Peugeot 404 yakale n'kugula galimoto yochokera ku Japan. "Iwe, wataya chitsulo n'kutola chitini," anatero. "Ija ukaigunditsa pamtengo umangowongola ndi hamala n'kumapitirira ulendo. Zanuzi, ng'ombe ikangozikhudza mphuno yonse yatha."

Mawu a akuluakulu amakoma akagonera, ndipo zomwe anaona amalumewo n'zoona ndithu: galimoto zamakono zimaphwanyika msanga kutsogolo. Koma ife makolo, funso lathu lisakhale lakuti galimoto yatuluka bwanji pangozi. Tifunse kuti anthu omwe anali m'katimo atuluka bwanji.

Mphamvu ya ngozi imapita kuti?

Ife akunyanja tikudziwa kusiyana kwa bwato lofikira pamchenga ndi bwato logunda mwala. Pamchenga limaima pang'onopang'ono, anthu n'kutsika bwinobwino. Pamwala limaima nthawi yomweyo, ndipo onse amagwera kutsogolo pamodzi ndi katundu wawo. Galimoto nayo ndi chimodzimodzi. Ikagunda chinthu imaima, koma thupi la munthu limapitirira ndi liwiro lomwe lija mpaka litapeza choligwira: chiwongolero, galasi kapena mutu wa mnzake.

Kugunda khoma pa liwiro la makilomita 50 pa ola kuli ngati kugwa kuchokera pamwamba pa mamita 10. Pa makilomita 80 pa ola kuli ngati kugwa mamita 25. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu ya ngozi imawirikiza kanayi. Mphamvu imeneyi siisowa, iyenera kuthera penapake. Ngati chitsulo chakutsogolo chikana kupindika, nkhonya yonse imafikira anthu.

Izi anazizindikira katswiri wina wa kampani ya Mercedes-Benz, dzina lake Béla Barényi. M'chaka cha 1952 boma la Germany linavomereza luso lake lopanga galimoto ya zigawo zitatu: kutsogolo ndi kumbuyo kofewa kuti kuzikwinyika, ndipo pakati pokhala anthu polimba zedi. Galimoto zoyamba zotere zinatuluka mu 1959. M'chaka chomwecho Nils Bohlin wa kampani ya Volvo ku Sweden anabweretsa lamba amene timamudziwa lero, wodutsa paphewa ndi m'chiuno, ndipo kampaniyo inalola kuti ena onse azimupanga osalipira. Choncho kuphwanyika komwe amalume amakunyoza kuja ndi kwadala. Mphuno ya galimoto ndiyo mchenga uja.

Galimoto zambiri zakale zinali ndi malata okhuthala kunja, koma pokhala anthu panali pofooka. Chiwongolero chinali pa mtanda wachitsulo wosapindika umene pangozi unkalasa chifuwa cha dalaivala. Zitseko zinkatseguka zokha anthu n'kuponyedwa kunja, ndipo zambiri zinalibe malamba.

Ataziwombanitsa anapeza chiyani?

Mu 2009 bungwe la ku America lotchedwa Insurance Institute for Highway Safety linawombanitsa galimoto ziwiri za kampani imodzi: Chevrolet Bel Air ya 1959, yaikulu ndi yooneka yolimba, ndi Chevrolet Malibu ya 2009. Iliyonse inkathamanga makilomita 64 pa ola, ndipo pampando wa dalaivala anaikapo chidole chokhala ndi zipangizo zoyezera kuvulala. Yakale ija inapindikira m'kati, chiwongolero n'kukankhidwira kumaso kwa chidole. Yatsopano ija inaphwanyika mphuno, koma pokhala dalaivala panatsala pafupifupi momwe panalili.

Wina anganene kuti galimoto za 1959 sitizionanso m'misewu yathu. Mverani izi tsono. Mu 2017 bungwe la ANCAP, loyesa galimoto za ku Australia ndi New Zealand, linawombanitsa Toyota Corolla ya 1998 ndi Corolla ya 2015, pa liwiro lomwelo la makilomita 64 pa ola. Mabungwe otere amapereka nyenyezi, kuyambira ziro mpaka zisanu, malinga ndi momwe galimoto yatetezera anthu. Ya 2015 inapeza nyenyezi zisanu. Ya 1998 sinapeze ngakhale imodzi, ndipo chidole chinasonyeza kuti dalaivala akanavulala koopsa m'mutu, pachifuwa ndi m'miyendo. Ma Corolla a zaka zimenezo akadalipo ambiri pakati pathu, ndipo ena ndi omwe timakweza ana.

Yatsopano iliyonse si yabwino

Komabe tisathamangire kunena kuti galimoto ikakhala yatsopano basi zatheka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu 2017 bungwe la Global NCAP pamodzi ndi Automobile Association ya ku South Africa anayamba kuyesa galimoto zogulitsidwa muno mu Africa. Mu 2018 anayesa Nissan NP300 Hardbody, pikapu yatsopano, ndipo pa chitetezo cha akuluakulu inapeza ziro. Mu 2020 anaonetsa poyera ataiwombanitsa ndi Nissan Navara ya 2015 yogulitsidwa ku Ulaya, yogwiritsidwa kale ntchito. Ya ku Ulaya inateteza dalaivala wake, ya kuno inapindika. Chaka chomwe galimoto inapangidwa chimatiuza zina, koma tiyeneranso kufunsa kuti anaipangira anthu a kuti, ndipo motsata malamulo ati.

Chinanso n'chakuti galimoto zambiri zomwe timagula, zolowera pa Songwe kuchokera ku doko la Dar es Salaam kapena zogulana tokhatokha, zayenda kale zaka zambiri. Ina inachitapo ngozi, owotcherera n'kuilumikiza, n'kuipaka penti yonyezimira. Chitsulo chomwe chinapindikapo n'kuwongoledwa sichikhalanso ndi mphamvu yake yoyamba. Ma airbag, matumba ampweya aja amene amafufuma pangozi kuti mutu usagunde chiwongolero, amagwira ntchito kamodzi kokha. Ena akaphulika sabwezeretsedwa, amangotseka pamalopo. Pogula, tengani makaniko wanu wokhulupirika, osati wa wogulitsa. Asuzumire kunsi ngati kuli dzimbiri kapena zowotcherera. Poliza injini, kanyali ka airbag kayenera kuyaka kenaka n'kuzima. Kakapanda kuyaka, kapena kakangoyakabe, pali vuto. Kokani lamba aliyense mwamphamvu muone ngati akugwira. Chiphaso cha COF pachokha sichikuuzani zonsezi.

Galimoto imateteza okhawo omwe akhala pamalo pawo

Apa ndi pamene ambiri a ife timagwera. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati lamba amachepetsa imfa za okhala m'galimoto ndi pafupifupi theka. Lipoti lake la 2023 linati anthu 1.19 miliyoni amafa pa ngozi zapamsewu chaka chilichonse, ndipo poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, chigawo cha Africa ndicho chinali patsogolo. Nzeru zonse za Barényi ndi Bohlin zimagwira ntchito pa munthu amene wakhala pampando wake atamanga lamba. Sienta ya mipando 7 ikanyamula anthu 11, anayi alibe lamba, ndipo pangozi matupi awo amagwera anzawo. Okhala kumbuyo kwa pikapu kapena lole, monga timachitira popita ku ukwati ndi kumaliro, alibe chowateteza chilichonse, kaya galimotoyo ndi ya 1975 kapena ya chaka chino.

Amayi athu, nkhani ya ana ikukhudza inu kwambiri. Timaganiza kuti mwana ali pabwino akakhala pamiyendo ya mayi ake kutsogolo. Pangozi ya makilomita 50 pa ola, mwana wa makilogalamu 10 amakoka manja ngati makilogalamu 200, matumba anayi a chimanga. Palibe mayi angamugwire. Airbag nayo imatuluka mwamphamvu yoti ikhoza kupha mwana wamng'ono. Malo a ana ndi kumbuyo, atamangidwa, ndipo wakhanda akhale m'kampando kake ngati banja lingathe kukapeza.

Potsika mapiri

Amalume aja, ngakhale sitinagwirizane nawo pa za chitini, anatiphunzitsa chinthu chomwe madalaivala achinyamata amachinyozera. Potsika Mvera, iwo ankaika giya yaing'ono asanafike potsetsereka, injini n'kumathandiza kugwira galimoto. Woponda mabuleki njira yonse amawatenthetsa, ndipo mabuleki otentha sagwira. Woika galimoto pa nyutulo kuti asunge mafuta wasiya moyo wa anthu onse m'manja mwa mabulekiwo. Izi n'zoona pa galimoto yakale ndi yamakono yomwe, makamaka ikalemedwa ndi katundu.

Choncho, abale ndi alongo, ulendo wina mukaima pa depoti ya Salima kapena pa Kanengo, musachite manyazi. Yang'anani matayala, werengani anthu ndi mipando, funani lamba. Ikadzaza, dikirani ina, pakuti kuthamanga sikufika. Dalaivala akayamba kuthamanga pa makona a Mvera, lankhulani, ngakhale ena akuyang'aneni ndi diso loipa. Ndipo amene muli ndi galimoto yakale yomwe mumaikonda, isamaleni, muziyenda nayo pang'onopang'ono maulendo apafupi. Koma tsiku lotenga banja lonse kukwera mapiri, sankhani ija imene ingalole kuphwanyika m'malo mwa ana anu.