WinRAR 7: zatsopano zilimo, koma 64 GB ija si ya aliyense

Makompyuta ambiri m'tauni muno, kaya ndi a m'mashopu osindikiza mapepala, a anyamata oika nyimbo ndi mafilimu m'mafulashi, kapena malaputopu a ana a koleji, ali ndi kachizindikiro ka mabuku atatu omangidwa ndi lamba. Imeneyo ndi WinRAR, pulogalamu yosonkhanitsa mafayilo ambiri m'phukusi limodzi n'kuwapanikiza kuti achepe. Ndi yomwe ija imakukumbutsani kuti masiku 40 oyeserera anatha kalekale, inu n'kungotseka uthengawo n'kupitiriza zanu. Anailemba ndi Eugene Roshal wa ku Russia, ndipo dzina loti RAR likuchokera pa mawu akuti Roshal Archive. Imagulitsidwa ndi kampani ya win.rar GmbH ya ku Berlin.

Mu February 2024 kunatuluka WinRAR 7.0, ndipo chomwe chinatchuka kwambiri ndi nambala ya 64 GB. Kuti timvetse nambalayi, tiyambe ndi momwe kupanikiza kumachitikira.

Pulogalamuyi ikamawerenga fayilo, imasaka zinthu zobwerezedwa. Ikapeza chigawo chomwe inachiona kale, sichilembanso, imangoika kachizindikiro koti "ichi n'chofanana ndi chija chili kumbuyo uko". Tayerekezani mlembi wa msonkhano amene watopa kulemba dzina lalitali la bungwe maulendo 200, ndiye akungolemba kuti "onani pamwamba". Koma pulogalamu siingakumbukire zonse. Kukula kwa gawo lomwe imatha kuyang'ana m'mbuyo amakutcha dictionary. Kale pa Windows malire ake anali 1 GB. Mu WinRAR 7 akhoza kufika 64 GB, ndipo anawonjezeramo njira ina yosakira zobwerezedwa zomwe zatalikirana kwambiri. Palinso ina yosaka mwakuya, yomwe eni akewo amachenjeza kuti ndi yochedwa zedi.

Zikumveka bho, eti? Vuto ndi lakuti dictionary yonseyo imakhala mu RAM. Wopanga phukusi amafunika RAM yoposa dictionary imene wasankha, ndipo wolandira naye amafunika RAM yokwanira dictionary imeneyo kuti alitsegule. Laputopu za kaunjika zomwe ambiri tili nazo zimakhala ndi 4 GB kapena 8 GB basi. Komanso phukusi lililonse lomwe dictionary yake yadutsa 4 GB limatseguka ndi WinRAR 7.0 kapena yatsopano kuposa pamenepo. Mukatumizira mnzanu amene akadali pa WinRAR 5, ndiye kuti wawononga bandulo yake kudawuniloda chinthu choti sachitsegula. Eni pulogalamu anaziwoneratu zimenezi: WinRAR 7 imayamba yakufunsani isanatsegule phukusi la dictionary yaikulu, kuopa kuti kompyuta ingaume.

Amene amapindula ndi dictionary yaikulu ndi anthu osunga mafayilo akuluakulu ofanana, monga amisiri a makompyuta omwe ali ndi ma ISO angapo a pulogalamu imodzi ongosiyana pang'ono. Kwa iwowo malo amapulumuka ndithu. Koma ngati zanu ndi nyimbo za MP3, mavidiyo a MP4 ndi zithunzi za JPG, musadzivute. Mafayilo amenewa anapanikizidwa kale powapanga, moti olo muwafinye bwanji amangochepa pang'ono chabe. Amene akuuzani kuti filimu ya 2 GB ayisandutsa 50 MB ndi WinRAR yatsopano akukunamizani, ndipo kawirikawiri maphukusi olonjeza zoterezi pa intaneti ndi omwe amabisa mavayirasi. Zomwe zimachepa bwino ndi zolembalemba zosapanikizidwa kale, ma database ndi mafayilo a mapulogalamu.

Pali chinanso chomwe chinachotsedwa mwakachetechete. WinRAR 7 siipanganso maphukusi a mtundu wakale wa RAR4, imangopanga a RAR5, omwe anayamba mu 2013. Kutsegula akalewo imatsegulabe, musadandaule za mafayilo anu a zaka zammbuyo. Koma ngati mukutumiza CV kapena asainimenti kwa munthu amene simukudziwa kompyuta yake, sankhani ZIP. Imatseguka pa Windows iliyonse ya masiku ano ndi pa mafoni ambiri popanda kuikamo china chilichonse. Anawonjezeranso kutalika kwa njira ya fayilo, kutanthauza mayina a mafoda onse kuphatikiza dzina la fayilo, kuchoka pa zilembo 2047 kufika 65535. Ochepa okha ndi amene adzazindikire kusinthaku.

Chomwe ine ndikuona kuti n'chofunika kwa tonse ndi nkhani ya chitetezo. Windows imaika chidindo chobisika pa fayilo iliyonse yochokera pa intaneti, chotchedwa Mark of the Web. Chidindo chimenechi ndicho chimapangitsa kuti Word itsegule kalata yodawuniloda mongowerenga chabe, kapena kuti Windows ikufunseni kawiri musanayendetse pulogalamu yachilendo. Akuba a pa intaneti amakonda kubisa zinthu zawo m'maphukusi poyembekeza kuti chidindocho chitsalira pa phukusi, osafika pa mafayilo a m'kati. WinRAR 7 ili ndi malo mu Settings, pa Security, pomwe mumasankha mafayilo oti alandire chidindochi akamatuluka m'phukusi. Ena amachizimitsa ati chikuwasokoneza. Chisiyeni choyaka.

Ndipo izi si zongoopseza. Mu 2023 ofufuza a kampani ya Group-IB anapeza kuti akuba ankagwiritsa ntchito bowo lina la mu WinRAR, lolembetsedwa ngati CVE-2023-38831. Munthu ankatsegula phukusi, n'kudina fayilo yooneka ngati chithunzi kapena PDF, kumbuyo pulogalamu yoipa n'kuyamba kugwira ntchito. Ankasaka makamaka anthu ochita malonda a ndalama pa intaneti. Bowolo linatsekedwa mu WinRAR 6.23 mu August chaka chomwecho, koma pofika October akatswiri a Google anali akunenabe kuti magulu ena akuligwiritsa ntchito. Chifukwa chake n'chosavuta: WinRAR siidzikonza yokha ngati mmene mapulogalamu a pafoni amachitira. Mukapanda kudawuniloda yatsopano nokha, mukhala ndi yakaleyo mpaka kalekale. Mu 2025 kunapezekanso bowo lina, lomwe linatsekedwa mu 7.13.

Taganizani kompyuta ya pashopu yomwe imalandira mafulashi a anthu ambirimbiri pa tsiku, muli ziphaso, makalata ofunsira ntchito, zithunzi za ukwati, koma WinRAR yake anaiikamo pogula kompyutayo ndipo sanaikhudzenso.

Kuti muone yomwe muli nayo, tsegulani WinRAR, pitani pa Help, kenako About WinRAR. Ngati nambala ili pansi pa 7.13, tengani yatsopano pa rarlab.com kapena win-rar.com. Fayilo yake ndi ya ma MB ochepa, siitha bandulo. Za "cracked" zomwe zimayenda m'magulupu a WhatsApp zisiyeni. Dziwaninso kuti kuyambira pa 7.10 pulogalamuyi imafuna Windows ya 64-bit. Ngati yanu ndi ya 32-bit, chotsani WinRAR yakaleyo muike 7-Zip ya Igor Pavlov, yomwe ndi yaulere ndipo imatsegula ma RAR, ngakhale siitha kuwapanga. A Windows 11 mwina simukufunikanso china: kuyambira 2023 imatsegula yokha RAR ndi 7z, kupatula maphukusi otsekedwa ndi pasiwedi.