Zoyenera Kudziwa Munthu Asanalowe Inshuwalansi ya Zaumoyo

Alimi, asodzi, amalonda a pa Msika wa Nkhata Bay ndi anthu onse adziwe kuti inshuwalansi ya zaumoyo yogulitsidwa ndi makampani komanso mabungwe omwe si aboma ndi mgwirizano wolembedwa. Thandizo lomwe membala amalandira ndi lokhalo lomwe lili m'chikalata chimene wasaina, osati malonjezo apakamwa a wogulitsa.

Chithandizo cha anthu wamba m'zipatala za boma, monga chipatala chachikulu cha boma la Nkhata Bay, cha Chintheche ndi cha Mzuzu Central, ndi chaulere, ndipo palibe amene ayenera kubwezedwa chifukwa alibe inshuwalansi. Inshuwalansi imagwira ntchito kumene odwala amalipira: m'zipatala za anthu oima paokha, m'zipatala za mishoni za pansi pa CHAM, ndi m'mawodi olipiritsa a zipatala zazikulu za boma.

Mmene imayendera

Mamembala amasonkha ndalama mwezi uliwonse m'thumba limodzi, ndipo amene wadwala amalipiriridwa kuchokera m'thumbalo. Apa mpamene imasiyanira ndi banki m'khonde: chaka chikatha palibe kugawana, ndipo amene sanadwale sabwezeredwa kanthu. Chomwe wagula ndi chitetezo choti matenda akagwa mwadzidzidzi asathere mpamba wake kuchipatala, kapena kugulitsa ukonde, bwato ngakhale munda wa chinangwa.

Mabungwe monga Medical Aid Society of Malawi, yodziwika kuti MASM, amagawa thandizo lawo m'magulu. Gulu lotsika mtengo limakhalanso ndi thandizo locheperako.

Mafunso ofunika asanalipire

Loyamba ndi la zipatala zomwe zimalandira khadi la bungwelo. Ngati zambiri zili ku Mzuzu, ulendo wa makilomita pafupifupi 50, ndalama ya galimoto ndi tsiku lotseka benchi pamsika ziyenera kuwerengeredwa pa mtengo wa inshuwalansiyo.

Lachiwiri ndi la nthawi yodikira. Kawirikawiri membala watsopano sayamba kulipiriridwa chilichonse tsiku lomwe walembetsa. Uchembere, maopaleshoni ndi matenda omwe munthu anali nawo kale, monga shuga ndi kuthamanga kwa magazi, angathe kukhala ndi nthawi yodikira yotalikirapo. Kubisa matenda otere polembetsa kungachititse bungwe kukana kulipira.

Lachitatu ndi la malire. Thandizo lililonse, kaya la mankhwala, mano, magalasi a maso kapena kugonekedwa, limakhala ndi ndalama yomwe bungwe silingapitirire pa chaka. Komanso chipatala chikalipiritsa mtengo woposa womwe bungwe limavomereza, wodwala amapereka yekha ndalama yotsalayo, yomwe ambiri amaitchula kuti shortfall.

Lachinayi ndi la zomwe zimachitika munthu akalephera kusonkha. Funsoli ndi lalikulu kwa anthu a m'mbali mwa nyanja, omwe ndalama zawo zimabwera mwa nyengo. Mphepo ya mwera ikalimba, asodzi amakhala masiku osalowa m'nyanja, usipa umachepa pamsika, ndipo wogulitsa nsomba naye amasowa chogulitsa. Mlimi amagwira ndalama akakolola basi. Koma msonkho wa inshuwalansi sudikira nyengo: ukadumphidwa, khadi lingathe kuimitsidwa, ndipo wobwereranso angayambirenso kudikira. Choncho ndi bwino kufunsa ngati bungwe limalola kulipiriratu miyezi ingapo pa nthawi imene malonda akuyenda, ndi kusankha gulu lomwe banja lingakwanitse ngakhale m'miyezi yovuta.

Kupewa akathyali

Malinga ndi lamulo la Financial Services Act la chaka cha 2010, makampani a inshuwalansi amayang'aniridwa ndi Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi. Wogulitsa aliyense wofika pamsika ayenera kuonetsa chiphaso chake ndi umboni woti kampani yomwe akuimira ndi yovomerezeka. Ndalama, kaya ikudutsa ku banki, pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba, iperekedwe ku akaunti ya kampani, osati ku nambala ya munthu, ndipo risiti isungidwe pamodzi ndi chikalata cha mgwirizano. Amene savutika kuwerenga Chingerezi athandize anzawo, ndipo wogula ali ndi ufulu wopempha kuti amufotokozere m'Chitonga, m'Chitumbuka kapena m'Chichewa asanasaine.

Membala amene sanakhutire ayambe wakadandaula ku kampaniyo mwa kalata. Ngati sanathandizidwe, apititse dandaulo lake ku ofesi ya Registrar ku Reserve Bank of Malawi kapena ku Competition and Fair Trading Commission.