ZA UMOYO: NCHITO ZA PAKHOMO ZIKACULUKA, YAMBANI NDI ZOTETEZA MOYO

M'makomboni athu muno mu Chipata, kaya ndi ku Kapata, ku Mchini kapena ku Nabvutika, mabanja ambiri masiku ano bambo ndi mai onse agwira nchito. Wina ali mu ofesi, wina ali ndi tebulo kumsika, wina anyamula anthu panjinga. Acoka panyumba 06 koloko, abwera 18 koloko ali otopa, ndipo apeza mbale, zobvala, ana ndi mbaula zonse zidikira iwo.

Tsiku lili ndi maola 24 cabe, ndipo palibe munthu amene angathe kumaliza nchito zonse za pakhomo. Conco funso lofunika ndi ili: kodi ndi nchito iti imene ingadikire mpaka pa Ciweru, ndipo ndi iti imene ikadikira, mwana akagona m'cipatala?

NCHITO ZILI PAWIRI

Pali nchito zokongoletsa nyumba, monga kupaka Cobra pakhonde, kusita zobvala zonse, kukweca mapoto mpaka kuwala ndi kusesa pabwalo kawiri patsiku. Izi ndi zabwino, koma munthu sadwala cifukwa khonde silinawale.

Palinso nchito zoteteza moyo: kukonza madzi akumwa, kusunga bwino cakudya, kusamalira cimbudzi, kusunga makhadi a kucipatala ndi kulangiza munthu amene atsala ndi mwana. Izi anansi sazione, ndiye cifukwa cake munthu akatopa ndi zimene ayamba kusiya. Koma tikaziwerengera bwino, zonse pamodzi zitenga nthawi yocepa kuposa kucapa kwa tsiku limodzi. Kufewetsa nchito za pakhomo ndiko kuika izi patsogolo, zinazo n'kuzipatsa tsiku lake pa sabata.

MADZI AKUMWA

Tonse tikumbukira kolera imene inayamba ku Lusaka mu Okutobala 2023 ndi kufalikira m'zigawo zonse 10 za dziko lino. Anthu oposa 20,000 anadwala, oposa 700 anamwalira, ndipo masukulu anatsegulidwa mocedwa, pa 12 Febuluwale 2024. Kolera, taifodi ndi matenda ena otsegula m'mimba alowa m'thupi kudzera pakamwa, m'madzi ndi m'cakudya cimene cakhudzana ndi cimbudzi.

Nchito ya madzi icitidwe madzulo, osati m'mawa pamene aliyense athamangira ku nchito. Khalani ndi cigubu cimodzi ca malita 20, ca kukamwa kwakung'ono ndi cotsekera, cimene cikhale ca madzi akumwa okha. Thiranimo Clorin monga mwa malangizo olembedwa pabotolo, khucumulani, ndipo dikirani mphindi 30 musanamwe. Ngati mulibe Clorin, wiritsani madzi pamoto womwewo umene mwaphikira nsima ya madzulo. Akayamba kubwata, alekeni abwate kwa mphindi imodzi yathunthu. Mukatero simuonongapo malasha ena, ndipo pofika m'mawa madzi azizira, ana atunga m'mabotolo ao a kusukulu.

Musabviike kapu m'madzi amene mwakonza kale. Dzanja limodzi losasamba liononga cidebe conse. Madzi azithiridwa kucokera m'cigubu.

Pafupi ndi cimbudzi ikani kacigubu ka madzi ndi sopo. Mwana sangayende kukafuna sopo kubafa, koma akaipeza pomwepo asamba. Nthawi zofunika kusamba m'manja ndi izi: pocoka kucimbudzi, mutasintha thewera la mwana, musanayambe kuphika, ndi musanadye kapena kudyetsa mwana.

KUPHIKA KAMODZI, KUDYA KANGAPO

Makolo ambiri aphika ndiwo zambiri nthawi imodzi kuti zifike masiku angapo. Ndi nzeru yabwino, koma ili ndi malamulo ake. Cakudya cophika cisakhale poyera kupitirira maola 2. M'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala tizilombo ticuluka msanga kwambiri, ndipo cakudya cingadwalitse cisanayambe n'komwe kununkha.

Ngati muli ndi fuliji, gawani nyemba kapena nyama m'timbale ting'onoting'ono, kambale kamodzi ka tsiku limodzi. Cotsani cimene mudye tsiku limenelo cokha, citenthetseni mpaka cibwate, ndipo cotsala musabwezerenso. Caka ca 2024 cinatiphunzitsa kuti magetsi angathe kucoka tsiku lonse madzi akacepa ku Kariba. Fuliji yosatsegulidwa isunga kuzizira kwa maola pafupifupi 4 magetsi atacoka. Nyama kapena nkhuku imene yasungunuka ndi kufunda, musaiumitsenso poganiza kuti yacira.

Ngati mulibe fuliji, dalirani ndiwo zouma zimene zipsa msanga: kapenta, nsomba zouma, mfutso, soya ndi mazira. Nyemba zibviikeni m'madzi usiku wonse kapena pocoka m'mawa. Zipsa msanga ndipo malasha apita ocepa. Pa Sondo sinjani nshawa zokwanira sabata yonse ndi kuzisunga m'botolo louma lotseka bwino, koma yambani mwasankha ndi kutaya zonse za nkhungu ndi zofota, cifukwa nkhungu ya m'nshawa ndi m'cimanga ili ndi poizoni woononga ciwindi. Supuni ya nsinjiro m'phala la mwana imupatsa mphamvu kuposa mabisiketi ndi majusi ogula pa kantemba.

Phala la mwana wamng'ono lokha liphikidwe latsopano nthawi iliyonse. Ndipo inu amai oyamwitsa, mwana afunika bele lokha kwa miyezi 6 yoyamba. Musanapite ku nchito mungathe kufinyira mkaka wanu m'kapu yoyera ya cibvundikiro. Pamalo ozizira m'nyumba ukhala bwino maola 4, mu fuliji nthawi yoposa apo. Wolera ammwetse ndi kapu, cifukwa botolo la nyonyo ndi lobvuta kutsuka ndipo ndi gwero la kutsegula m'mimba.

MAPEPALA ONSE PAMALO AMODZI

Mwana akatentha thupi pakati pa usiku si nthawi yoyamba kugubuduza masutukesi. Pezani cikwama cimodzi ca pulasitiki cotseka, muikemo zonse izi: khadi la sikelo la mwana aliyense, khadi la amai apakati, makhadi a odwala BP, shuga, TB kapena a ma ARV, nambala ya NHIMA, mapepala a kubadwa kwa ana ndi makope a NRC. Aliyense wamkulu m'nyumba adziwe pamene cikhala. Ngati muli ndi foni yojambula, jambulani makhadi onse, cifukwa pepala linyowa ndi kudyedwa ndi ciswe.

Inu olembedwa nchito, mwezi uliwonse adula 1 peresenti ya malipiro anu kupita ku NHIMA, abwana anu naonjezapo 1 peresenti ina. Koma kudulidwa ndalama sikutanthauza kuti akazi anu, amuna anu ndi ana analembedwa. Alembetseni lero akali bwino, musadikire tsiku la matenda.

Cinthu caciwiri ndi kalendala ya pacipupa. Pocoka ku kiliniki, tsiku lobwererako lilembedwe pakalendala madzulo omwewo, ndiponso mu foni ya bambo ndi ya mai. Mwana alandira katemera pobadwa, pa masabata 6, 10 ndi 14, ndiye pa miyezi 9 ndi 18. Katemera waciwiri wa cikuku, wa pa miyezi 18, ndiye amene aiwalika kwambiri, cifukwa pofika nthawi imeneyo mwana ayenda, aoneka wathanzi, ndipo amake anabwerera kale ku nchito. Komatu katemera mmodzi sateteza ana onse mokwanira, ndipo cikuku cipha ndi kucititsa khungu. Kuyambira miyezi 6 mpaka zaka 5 mwana afunikanso Vitamini A miyezi 6 iliyonse, ndipo apatsidwa ku sikelo ndi pa sabata ya umoyo wa ana imene icitika kawiri pacaka.

Sikelo si ya amai okha. Bambo, ambuya kapena azakhali angathe kupita ndi mwana, malinga anyamule khadi. Dziwaninso ufulu wanu pa nchito. Lamulo la Employment Code Act la 2019 lipatsa mai masabata 14 a chuthi ca ucembere, ndi ola limodzi patsiku loyamwitsa kwa miyezi 6 atabereka. Wanchito wamkazi ali ndi tsiku limodzi pamwezi, limene ambiri alicha Mother's Day. Wanchito amene wakwanitsa miyezi 6 pa nchito, mwamuna kapena mkazi, ali ndi masiku 7 pacaka odwazika mwana kapena mnzake wa m'banja ngati pali kalata ya kucipatala, ndi masiku 3 ena a nkhani za umoyo ndi maphunziro a ana. Pemphani tsikulo pasadakhale, poti deti la sikelo mulidziwa mwezi wathunthu lisanafike.

Akumwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, musadikire botolo lithe. Pakatsala a sabata imodzi, kakatengeni ena. Amene ali pa ma ARV ndipo thupi lili bwino afunse ku kiliniki za kulandira mankhwala a miyezi 3 kapena 6 nthawi imodzi, kuti maulendo acepe. Zolipira za magetsi ndi madzi zingathe kupita pa foni tsiku lomwe mwalandira malipiro, m'malo moononga tsiku pamzere.

AMENE ATSALA NDI MWANA

Ngozi zambiri za ana zimene tilandira kucipatala zicitika masana makolo ali ku nchito: kupsa ndi phala kapena madzi otentha, kumwa parafini, kugwera m'cidebe ca madzi. Wolera mwana, kaya ndi wanchito kapena wacibale wocokera kumudzi, musaganize kuti adziwa zonse. Khalani naye pansi kamodzi mumuonetse. Ndipo mwana wa ku pulaimale asasiyidwe yekha ndi khanda ndi moto.

Lembani pepala limodzi mulimate kuseri kwa citseko. Likhale ndi manambala a foni a bambo, mai ndi mnansi mmodzi wodalirika, dzina la kiliniki yapafupi, ndi pamene pali ndalama yoyendera. Pansi pake lembani zizindikiro zimene wolera ayenera kuthamangira nazo ku kiliniki osadikira inu:

1. Mwana akana kuyamwa kapena kumwa.
2. Asanza ciliconse cimene wadya.
3. Akomoka kapena kugwedezeka thupi.
4. Wafooka kwambiri, sadzuka bwino.
5. Apuma mofulumira kapena mobvutikira.
6. Atsegula m'mimba mwa magazi, kapena mwa madzi oyera ngati otsukira mpunga.
7. Watentha thupi kwambiri.

Sungani mapaketi a ORS m'nyumba nthawi zonse. Paketi isungunulidwe m'madzi okonzedwa monga mwa muyeso wolembedwa pa paketiyo, ndipo mwana ayambe kumwa pang'onopang'ono akangoyamba kutsegula, ngakhale panjira popita ku kiliniki. Ngati ORS palibe, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mcere mu lita imodzi ya madzi. Ku kiliniki adzampatsanso zinki wa masiku 10 mpaka 14, ndipo amalize ngakhale kutsegula kwaleka.

Parafini, Jik ndi mankhwala a makoswe zisathiridwe m'mabotolo a zakumwa, ndipo zikhale pamwamba potsekedwa. Mwana akamwa parafini musamusanzitse, cifukwa posanza parafini alowa m'mapapo. Pitani naye kucipatala. Akapsa, thirani madzi ozizira pabalapo kwa mphindi 20. Osapaka Colgate, dzira, mafuta kapena dothi. Mu Juni ndi Julayi, mbaula isagone m'cipinda cotseka. Mpweya wa malasha ulibe fungo, munthu angogona osadzukanso.

GAWANANI NCHITO

Akale anati mutu umodzi susenza denga. Mai amene agwira nchito tsiku lonse, nayambanso ina kunyumba mpaka 23 koloko, nadzuka 04 koloko, thupi lake silipumula. Munthu wamkulu afunika tulo ta maola 7 kapena kuposa. Kusowa tulo kwa nthawi yaitali kuthandiza kukweza BP, kubweretsa mutu wosatha ndi mtima wapacala. Nthawi zambiri mai wotere ndiye athamangitsa onse ku kiliniki, koma iye mwini afika mocedwa matenda atakula.

Inu azibambo, kuthira Clorin m'cigubu, kusambitsa mwana, kumanga neti ya udzudzu ndi kupita ku sikelo sikucotsa ulemu wa munthu. Ana nawonso, anyamata ndi atsikana mofanana, apatsidwe nchito yoyenera msinkhu wao. Wa zaka 6 angathe kulongedza mabuku ndi nsapato zake. Wa zaka 10 atsuke mbale ndi kucapa masokosi ake. Wa ku sekondale aphike ndi kucapa yunifomu yake. Aliyense akhale ndi nchito yake yodziwika, kuti pasakhale kukumbutsana ndi kukalipirana tsiku lililonse.

Musanagone, mphindi 20 zikwanira kuona zinthu izi: madzi akumwa akonzedwa, cakudya cotsala casungidwa bwino, sopo ndi madzi zili pa cimbudzi, kalendala yaonedwa za mawa, moto wazimitsidwa ndipo maneti atsitsidwa. Izi zikacitika, khonde lingathe kudikira pa Ciweru. Mlendo akapeza nyumba yosapolisha adzaiwala mawa lomwe, koma sabata ya m'cipatala idya malipiro, nchito ndi mtendere wa banja lonse.

Sabata ya mawa tidzakamba za matenda a BP pakati pa anthu apanchito, ndi cifukwa cake muyenera kupimitsa ngakhale simumva kuwawa kulikonse.